Evan Roberts: Mnyamata Amene Anasenza Chitsitsimutso Yekha

 Lero tikutsegulanso mbiri ya mpingo. Ndikufuna tikambe za munthu amene ife a Chipentekoste timakonda kumutchula tikamapempherera chitsitsimutso, koma nkhani yake timaidula pakati. Timanena za miyezi yake ya moto, tikafika pamene motowo unamutentha mwini wake, timatseka buku n'kuyambitsa kolasi. Dzina lake ndi Evan Roberts, wa ku Wales, dziko laling'ono la mapiri ndi migodi lomwe lili kumadzulo kwa England. Munthu ameneyu analalikira poyera kwa chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka basi. Kenako anakhala zaka 45 osaimanso pa guwa, kupatula maulendo ochepa kwambiri. Zaka 45, abale anga. Chinachitika n'chiyani?

Evan anabadwa pa 8 Juni 1878 m'tawuni yaing'ono ya Loughor, pafupi ndi mzinda wa Swansea. Bambo ake, a Henry Roberts, ankagwira ntchito mumgodi wa malasha, ndipo iye naye analowa mumgodimo ali ndi zaka pafupifupi 12. Anakhalamo zaka zoposa 10, kenako anapita ku Pontarddulais kukaphunzira kusula zitsulo kwa m'bale wawo wina. Ankapemphera pa tchalitchi cha Moriah, cha mpingo wa Calvinistic Methodist, umene masiku ano umatchedwa Presbyterian Church of Wales. Ndiye kuti pa chiphunzitso anali pachibale ndi anzathu a CCAP, sanali wa malilime ayi. Anali mnyamata wosajomba kumapemphero, wophunzitsa Sande sukulu, woyenda ndi Baibulo ngakhale pansi pa nthaka. Kwa zaka zoposa 10 pemphero lake linali limodzi, lakuti Mulungu atsitsimutse Wales.

Chakumayambiriro kwa 1904 zinayamba kumuchitikira zachilendo. Mwini wake anafotokoza kuti ankadzutsidwa cha m'ma 1 koloko usiku, n'kukhala pamaso pa Mulungu maola anayi, ndipo zinapitirira chonchi kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Ine sindikayika kuti anakumana ndi Ambuye. Koma sungani mfundo iyi, tidzaifuna kutsogoloku: chitsitsimutso chisanayambe n'komwe, tulo take tinali titaduka kale pakati. Sunganinso yachiwiri. Mu Seputembala chaka chomwecho anapita kusukulu ya ku Newcastle Emlyn kukakonzekera maphunziro a ubusa, ndipo anapita mtima uli m'mwamba, kuopa kuti mabuku amulanda chiyanjano chija cha usiku. Mwaona? Mphatso yangofika kumene, nkhawa yoti mphatsoyo itayika yafika nayo limodzi.

Pa 29 Seputembala 1904 anali pa msonkhano ku Blaenannerch. Mlaliki wina, a Seth Joshua, anapemphera kuti Mulungu aweramitse anthu ake. Mawu amenewo anamulasa Evan. Anagwada, thukuta ndi misozi zili chuchuchu, akupempha kuti Mulungu amuweramitse iyeyo. M'masiku otsatira anakhala ndi chikhulupiriro chakuti anthu 100,000 atembenuka mtima. Sukulu sinakomenso. Pa 31 Okutobala anakwera sitima kubwerera kwawo, napempha abusa ake kuti alankhule. Anamulola kuti alankhule mapemphero a Lolemba madzulo akatha, kwa amene angafune kutsala. Anatsala anthu 17. M'sabata imeneyo uthenga wake unakhazikika pa zinthu zinayi: ulula tchimo lililonse lakale, taya chilichonse chokayikitsa m'moyo wako, mvera Mzimu Woyera msanga, ndipo vomereza Khristu poyera. Sabata ziwiri zisanathe, Moriah inali itadzaza thithithi, anthu ena ali panja pamsewu, mapemphero akutha 4 koloko m'mawa.

Nyuzipepala ya Western Mail ya ku Cardiff inatola nkhaniyi, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Evan Roberts linali m'kamwa mwa aliyense. Anayamba kuyenda m'zigwa za migodi, ku Aberdare ndi matawuni oyandikana nawo, limodzi ndi kagulu ka atsikana oimba, mmodzi mwa iwo Annie Davies wa ku Maesteg. Olemba mbiri amati m'miyezi yochepa anthu pafupifupi 100,000 analowa m'mipingo, monga anakhulupirira muja. Malo omwera mowa anasowa makasitomala. Anthu anabweza ngongole zakalekale, a pachibale odana anagwirana chanza, milandu ya uchidakwa inatsika m'makhoti. Pali nkhani ina yokoma imene imakambidwa mpaka lero, yakuti mahatchi okoka ngolo za malasha mumgodi anasokonezeka, chifukwa anazolowera kulamulidwa ndi zotukwana, tsono eni ake anali atasiya kutukwana. Aleluya! Ntchito inali ya Mulungu, pamenepo tisakanganepo.

Ndipo ife tili ndi ngongole kwa anthu amenewa. M'busa Joseph Smale wa ku Los Angeles anapita ku Wales mu 1905 kukaona yekha, nabwerera kwawo ali ndi njala ya zomwezo. Frank Bartleman ankalemberana makalata ndi Evan kupempha kuti awapempherere a ku California. Mu Epulo 1906 moto unagwa ku Azusa Street pansi pa utumiki wa William Seymour, ndipo mipingo yambiri ya Chipentekoste imaloza kumeneko ikamafotokoza chiyambi chake. George Jeffreys, amene anayambitsa mpingo wa Elim, ndi mkulu wake Stephen, anatembenuka mtima mu Novembala 1904 m'chitsitsimutso chomwechi. Daniel Powell Williams, amene anadzatsogolera Apostolic Church, anatembenuka ku Loughor komweko akumvera Evan. Choncho sitikukamba za mlendo. Tikukamba za kholo lathu.

Tsono tiyeni tione katundu amene anamusenzetsa. Anali ndi zaka 26. Sanali m'busa wodzozedwa ndi mpingo, sanali pabanja, kusukulu ya ubusa anangokhalako masabata owerengeka. Tsiku lililonse tawuni ina, nthawi zina misonkhano iwiri kapena itatu, uliwonse wa maola ambiri, kugona m'nyumba za eni, makalata ali mbwee. Atolankhani ankalemba chilichonse chimene wanena, ngakhale mmene wakhalira pampando. Zithunzi zake zinkagulitsidwa m'masitolo. Akuluakulu odziwika monga mtolankhani W. T. Stead ndi mlaliki G. Campbell Morgan anachoka ku London kudzaona. Akulu athu anati walira mvula walira matope. Zaka zonse zija ankalirira mvula, mvula inabwera, matope ake anamuterera yekha. Abusa achikulire analipo ambiri omuzungulira, koma ndani akanalimba mtima kuuza munthu amene dziko lonse likuti ndi mneneri kuti, iwe mwana, lero sulalikira, kagone?

Chimene ndikufuna mumvetsetse madzulo ano ndi mtundu wa nkhawa yake. Evan sankada nkhawa ndi ndalama. Sankada nkhawa ndi chakudya kapena zovala, ndipo palibe mbiri ya chigololo kapena kuba pa dzina lake. Nkhawa yake inali yovala jekete la kutchalitchi. Ankaopa kuti anthu akubwera kudzaona iye m'malo mwa Yesu, ndiye kuti iyeyo akuba ulemerero wa Mulungu. Ankaopa kuti akachedwa pang'ono kumvera, kapena akalankhula liwu limodzi losatumidwa, Mzimu amuchokera ndipo chitsitsimutso chonse chizima chifukwa cha iye. N'chifukwa chake nthawi zina ankalowa m'tchalitchi chodzaza n'kungokhala duu, mutu uli m'manja, ola lathunthu kapena kuposa, anthu akudikira. Kuitanidwa kulikonse kunasanduka mlandu wofuna chizindikiro chakumwamba: ndipite kapena ndisapite? Anthu a ku Cardiff anamuitana, anakana, nati sanaloledwe. Mfundo yake yachitatu ija, yomvera Mzimu msanga, ndi yabwino. Koma munthu wosagona, wosadya bwino, akamamvetsera mkati mwake usana ndi usiku, amafika posasiyanitsa liwu la Mzimu ndi liwu la kutopa kwake. Nkhawa ya mtundu umenewu ndi yoopsa kuposa ya ndalama, chifukwa mpingo ukaiona suithandiza. Umaiombera m'manja, umati taonani kudzichepetsa, taonani kuyera mtima.

Pa 31 Januwale 1905 kunatuluka kalata mu Western Mail. Anailemba ndi m'busa Peter Price wa ku Dowlais, munthu wophunzira ku Cambridge. Iwo anati ku Wales kuli zitsitsimutso ziwiri, china chenicheni chochokera kumwamba, china chonamizira, ndipo chonamiziracho ndi cha Evan Roberts. Anthu anakwiya, makalata omuikira kumbuyo Evan anasefukira kunyuzipepala. Iye sanayankhe. Anthu anati onani kufatsa kwa munthu wa Mulungu. Koma taganizani, abale. Munthu amene usiku uliwonse akudzifunsa kale ngati sakunyenga anthu, m'mawa atsegule nyuzipepala apeze m'busa wophunzira walemba pamaso pa dziko lonse chinthu chomwecho chimene iye amachiopa mumtima. Mutu ukakula sulewa nkhonya, n'zoona, koma nkhonya iyi inagwera pabala.

Kuyambira pamenepo misonkhano yake inasintha. Kumwetulira kuja kumene atolankhani ankakulemba poyamba kunayamba kusowa. Ankaimitsa nyimbo pakati n'kunena kuti muno muli chotchinga, muli wina wosakhululuka, muli wina wonyoza. Nthawi zina ankagwa pansi akubuula ngati munthu womva ululu. Mu Febuluwale, ku Cwmavon, analengeza kuti mumsonkhanomo muli munthu wotayika kotheratu, ndipo analetsa anthu kumupempherera. Imani kaye pamenepo. Mnyamata yemwe uja amene ankalira ndi chikondi cha pa Kalivari, lero akuletsa mpingo kupempherera wochimwa. Ine ndikawerenga pamenepa sindiona mneneri wonyenga. Ndimaona mwana wa eni ake amene watha mphamvu.

Masiku omwewo anadzitsekera m'chipinda m'nyumba ina ku Neath kwa masiku 7 osalankhula ndi munthu. Zofunika ankalemba papepala. Anati Mzimu wamulamula kukhala chete, ndipo misonkhano imene anamukonzera inalephereka. Ine ndilibe vuto kukhulupirira kuti Mzimu anamulamuladi, pakuti Mulungu wathu ndi wachifundo, amadziwa kuti ndife fumbi. Chondimvetsa chisoni n'chakuti mnyamatayu sakanatha kungonena kuti ndatopa. Mawu amenewo munalibe m'kamwa mwake, ndipo anthu ake sakanawalandira. Kuti apume, panafunika lamulo lochokera kumwamba, ndipo ngakhale kupumako nyuzipepala zinakusandutsa chozizwitsa china choti anthu azikambirana.

Kumapeto kwa Malichi anapita ku Liverpool, mzinda wa ku England umene unali ndi anthu ambiri ochokera ku Wales. Kumeneko zinthu zinafika poipa. Pa msonkhano wina waukulu ananena kuti muli munthu amene akufuna kumugoneka ndi mphamvu za maganizo. Pa wina analengeza kuti mpingo wina wa anthu a ku Wales mumzindamo, umene unapatuka pa mkangano zaka zingapo m'mbuyomo, sunamangidwe pa thanthwe. Tangoganizani kukhala membala wa mpingo umenewo, mwabwera ndi ana anu kudzadalitsidwa, n'kumva zimenezo kuchokera kwa munthu amene aliyense akuti amalankhula za Mulungu. Abusa ena anaimirira kumutsutsa poyera. Mphekesera zinawanda zoti mutu wake sukuyenda bwino, mpaka madokotala anayi anamuyeza. Chigamulo chawo chinali chachidule: misala alibe, thupi lake lilibe nthenda, koma wagwira ntchito mopyola muyeso ndipo akufunika kupuma. Anapita kumapiri a ku Capel Curig masabata ochepa. Pofika Juni anali kale pa chilumba cha Anglesey, akulalikira kwa makamu pabwalo. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma ovina saganiza za chikopa.

Tsegulani nane 1 Mafumu chaputala 19, chifukwa nkhani iyi Mulungu anailemba kale. Eliya watsitsa moto pa Karimeli, mvula yagwa, dziko laona. Uthenga umodzi woopseza wochokera kwa Yezebeli, mneneri uja wathawa, wakagona pansi pa kamtengo m'chipululu, akupempha imfa. Kodi Mulungu anatani? Sanamutumizire mlaliki. Sanamuuze kuti asale kudya masiku 21. Anatumiza mngelo ndi mkate ndi madzi. Mneneri anadya, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri, chakudya chomwecho. Zokambirana zinadza pambuyo, ku Horebu, thupi litabwerera m'malo. Ndipo kumeneko Mulungu anakonza bodza limene nkhawa inamuuza Eliya, lakuti watsala yekha. Anamuuza kuti alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, namutuma kukadzoza Elisa kuti akhale naye.

Bodza lomwelo ndi limene linamudya Evan, ndipo mbiri ikuonetsa kuti linali bodzadi. Chitsitsimutso cha Wales sichinayambe ndi iye. Mu Febuluwale 1904, iye asanadziwike, moto unali utayaka kale ku New Quay mumpingo wa m'busa Joseph Jenkins, pamene mtsikana Florrie Evans anaimirira kuchitira umboni za chikondi chake pa Yesu. Kumpoto, ku Rhos, unayaka mu Novembala pansi pa ulaliki wa R. B. Jones. Midzi yambirimbiri inatsitsimuka iye osapondako phazi. Mng'ono wake Dan ndi mnzake Sidney Evans ankachititsa misonkhano yawo. A 7,000 analipo. Koma nyuzipepala zinafuna nkhope imodzi, anthu anafuna dzina limodzi, ndipo mnyamata uja anayamba kukhala ngati denga lonse lili pamutu pake.

Anachita ulendo wake womaliza waukulu kumpoto kwa Wales kumapeto kwa 1905 ndi kumayambiriro kwa 1906. Chaka chomwecho, pamene ku Azusa Street kunkayaka, Evan anagweratu. Amene anamutenga ndi Mayi Jessie Penn-Lewis ndi amuna awo a William, banja lopeza bwino la ku Leicester ku England. Mayiwa anali mphunzitsi wodziwika wa za moyo wozama wauzimu. Anthu ambiri ku Wales anawada kwambiri, ena mpaka kuwatchula Yezebeli, ati anaba mneneri wawo. Ine pamenepa ndimayenda mosamala. Mnyamatayu atagwa, banja limeneli ndi limene linatsegula chitseko, linamupatsa chipinda, chakudya ndi bata, kwa zaka zambiri. Amene ankamuimbira m'manja aja, ambiri ankangofunsa kuti abwera liti kudzatilalikiranso. Musanatukwane amene anatola munthu wanu pamsewu, dzifunseni kumene munali inu.

Komabe chipinda chabwino si mankhwala onse. Mu 1912 kunatuluka buku lotchedwa War on the Saints, lokhala ndi maina a Mayi Penn-Lewis ndi Evan Roberts. Chiphunzitso chake chachikulu n'chakuti mizimu yoipa imatha kunyenga ngakhale okhulupirira odzipereka, makamaka pa nthawi ya chitsitsimutso, potsanzira liwu ndi ntchito za Mzimu Woyera. Mayiwa ankakayikiranso kwambiri gulu lathu la malilime, zimenezo tisabise. Kuyesa mizimu ndi lamulo la m'Malemba, ndipo muli zina m'bukumo zimene Mpentekoste wanzeru angaphunzirepo. Koma taganizirani munthu amene nthenda yake ndi kudzikayikira. Kale ankaopa kuti mwina sanamvere Mzimu mokwanira. Tsopano waphunzira kuopanso kuti mwina zimene anamvera zija sunali Mzimu. Nkhawa yasintha malaya, munthu ndi yemwe uja. Ine ndimaona kuti ankafunika wina womutulutsa panja kukaona dzuwa, kumupatsa khasu kapena nyundo yake yakale ija, osati womuthandiza kukumba mozama m'chitsime chimene anagweramo.

Chakumapeto kwa 1913 magazini ya The Overcomer, imene ankathandizana kulemba ndi mayiwa, inafalitsa uthenga wake wakuti kukwatulidwa kwa oyera mtima kwafika pakhomo penipeni. Sizinachitike monga anayembekezera. Nthawi yomweyo abale ake, kuphatikizapo bambo ake omubereka, anayenda ulendo kuchoka ku Wales kupita ku Leicester, ndipo anabwerera osacheza naye, iye atakana. Nkhalamba imene inamulowetsa mumgodi atagwirana manja, kuima pakhomo, mwana ali m'katimo. Amene muli ndi ana mukumva kulemera kwake.

Mwina wina akuti, abusa, ndiye kuti atumiki a Mulungu azibisa kufooka kwawo kuti asathere pomwepo? Ayi, mbiri yomweyo ili ndi chitsanzo china. Charles Spurgeon wa ku London, pa 19 Okutobala 1856, ali ndi zaka 22, ankalalikira m'holo ya Surrey Gardens pamene anthu ena anakuwa kuti moto. Pothawa anthu anapondana, 7 anafa. Spurgeon anasweka mtima kotheratu, ndipo mdima wa maganizo unkamubwerera moyo wake wonse. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anali ndi mkazi wake Susannah, anali ndi madikoni amene anamuchotsa mumzinda n'kukamusunga kunyumba ya mmodzi wa iwo mpaka atapezako bwino. Ndipo sanabise. Ankauza ophunzira ake a ubusa poyera kuti nthawi zakugwa mphwayi zidzabwera, asadzadabwe. Atayamba kudwaladwala, ankapita kukapuma ku Menton ku France nyengo yozizira, mpingo n'kumapitirira. Analalikira mpaka chaka cha 1891. Paulo naye sanachite manyazi. Mu 2 Akorinto 11, atatha kuwerenga zikwapu, ndende ndi kusweka kwa zombo, akuwonjezera nkhawa ya mipingo yonse imene inkamupsinja tsiku ndi tsiku. Ndipo mu chaputala 7 akunena chimene Mulungu anamutonthoza nacho ku Makedoniya. Sanali masomphenya. Kunali kufika kwa Tito, munthu wa miyendo iwiri.

Tsono ndilankhule nanu akulu a mpingo, madikoni, amayi a chigwirizano, inu amene mumati abusa athu ndi munthu wa Mulungu. Ndi munthu wa Mulungu, inde, koma liwu loyamba pamenepo ndi lakuti munthu. Foni yawo imalira 2 koloko usiku. Lachisanu ali pa mapemphero a usiku wonse, Loweruka m'mawa ali kumaliro, masana ukwati, Lamulungu maulaliki awiri, madzulo mlandu wa banja. Mwezi wa Febuluwale chopereka chatsika, lendi ya tchalitchi ikudikira, fizi ya ana awo ikudikira. Zonsezo n'zolemera, koma cholemera koposa ndi ichi: mwawazoloweretsa kuti Lamulungu lililonse pakhale mawu a uneneri, pakhale wina wogwa, ndipo akudziwa kuti akangophunzitsa Malemba phee, ena mwa inu sabata yamawa muli kwa mneneri watsidya lija. Mantha amenewo ndi amene amakankha munthu woona mtima kunena kuti Ambuye akuti, pamene Ambuye sananene kanthu. Zimene zinachitika ku Cwmavon ndi ku Liverpool sizili kutali ndi ife. Pali mabanja amene anapasuka chifukwa mtumiki wosagona masiku atatu analoza chala apongozi a munthu kuti ndiwo mfiti.

Kodi mumpingo mwanu alipo amene ali ndi ufulu wouza abusa kuti mwezi uno simukwera kuphiri, mupite kumudzi ndi amayi busa mukapume, ife tilalikira? Yetero anamuuza Mose zotero mu Eksodo 18, ndipo Mose, munthu wolankhula ndi Mulungu maso ndi maso, anamvera apongozi ake. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu atumiki anzanga, ngati tulo tasowa masabata angapo, chakudya sichikulowa, mtima ukungogunda, mukulira osadziwa chifukwa, kapena maganizo ofuna kufa ayamba kukuzungulirani ngati Eliya, musangodzudzula chiwanda nokha m'chipinda. Uzani mnzanu mmodzi wokhulupirika lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala. Madokotala anayi a ku Liverpool aja ananena zoona kuposa makamu onse amene ankafuula Amen. Luka amene analemba Uthenga Wabwino ndi Machitidwe anali sing'anga, ndipo Paulo ankayenda naye.

Timalize mbiri ya Evan. Mulungu sanamutaye, ndipo iye sanataye chikhulupiriro. Zaka zake zachete anazipereka ku pemphero lopembedzera, ndipo ankati imeneyo ndiyo ntchito imene wapatsidwa. Atachoka ku Leicester anakhalako kumwera kwa England, kenako anayambanso kufika kwawo. Mu 1928, pa maliro a bambo ake aja, analankhula mawu ochepa, ndipo amene analipo anati mphepo ya 1904 inawombanso m'nyumbamo. Kunatsatira misonkhano yochepa ku Loughor ndi ku Gorseinon, anthu anatembenuka mtima, odwala anapemphereredwa. Kenako anabwereranso kukhala chete. Kuyambira cha m'ma 1930 ankakhala ku Cardiff m'nyumba ya eni, osakwatira, akuthandizidwa ndi abwenzi, akulemba ndakatulo ndi makalata. Ankalowa m'tchalitchi n'kukhala pabenchi ngati wina aliyense, achinyamata ambiri osadziwa kuti mkulu wa imvi uyu ndi ndani. Anamwalira mu 1951 ali ndi zaka 72, ndipo anamuika m'manda a banja lawo pa Moriah, pomwe paja panatsala anthu 17. Mu 1953 anthu a kwawo anamumangira chipilala cha chikumbutso kutsogolo kwa tchalitchicho, ndipo chilipo mpaka lero.

Nthawi yathu yatha. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, Ambuye akalola, tidzawoloka nyanja kupita ku Los Angeles, tikaone zaka zomaliza za William Seymour, makamu atachoka ku Azusa Street. Ambuye akusungeni, mugone bwino.